Madzi a M'khola la Nilza

Nilza anawoloka mtsinje wa Muloza akadali kamtsikana kosatha msinkhu, mphika uli pamutu, dzanja limodzi litagwira nsonga ya kapulana, chitenje cha mayi ake. Kumbuyo kwawo, cha ku Milanje ku Mozambiki, utsi unali tolotolo. Bambo ake sanawoloke nawo, ndipo palibe amene anabwerapo kudzanena kumene anagona. Anakulira mumsasa wa othawa nkhondo, pamzere wa ufa ndi pamzere wa madzi, ndipo mayi ake anamwalirira komweko nkhondo isanathe.

Mtendere utabwerera ku Mozambiki, malole anayamba kututa anthu kubwerera nawo kwawo. Nilza sanakwere. Akanakatsikira pakhomo pa yani? Komanso n'kuti atadziwana kale ndi Jailos Namakhwa, mnyamata wa ku Thuchila amene ankabwera pa njinga kudzagulitsa makaka a chinangwa kumsasako. Anakwatirana chaka chomwe anthu anavota koyamba pa zipani zambiri.

Kuno mwamuna ndiye amakakhala kwawo kwa mkazi. Koma Nilza kwawo kunalibe, choncho Jailos anamutengera kwa amayi ake. Apongoziwo anawadulira kamalo kumtunda kwa munda wa banja, pamiyala pomwe ngakhale chinangwa chinkabereka monyinyirika. Mlongo wake wa Jailos, dzina lake Eneles, sanakondwere nazo. Malo a mbumba ndi a ana aakazi, ndipo iye ana aakazi anali nawo. Koma poti amayi anali atanena, anangosunga mawu ake m'tsaya.

Pamiyala sipalimika, ndiye Jailos anayamba kuweta nkhumba. Anayamba ndi yaikazi imodzi, anamanga khola la njerwa, pansi n'kuikapo simenti. Iye ndi Nilza anabereka ana awiri, Pilato ndi Millie. Anawo akadali ku pulayimale, Jailos anadwala chifuwa chosamva mankhwala mpaka chinamutenga. Apongozi aja n'kuti atatsogola kale.

Mwambo wometa utangodutsa, Eneles anakwera chitunda n'kudzakhala pakhonde la Nilza.

"Alamu, maliro tamaliza," anatero. "Achimwene apita, amayi anapita kale. Paja amati mlendo ndi mame."

Chichewa cha Nilza chinali cholemera, cha lilime la kutsidya, chomwe ana a m'mudzimo ankachiyeserera kuseri kwa nyumba. Koma mawu ake sankasowa njira.

"Mame ake ati, alamu, okhala mpaka kubereka ana awiri? Mayi anga agona ku Muloza, tsidya lino. Amuna anga mwawaika dzana lomweli. Michombo ya ana anga ili pansi pa mango uyo. Tandilozerani kwathu kumene mukunenako, nanenso ndikakuone."

Eneles anadzuka, anasasa chitenje chake, n'kutsika osatsanzika.

Kuyambira pamenepo Nilza anaika mtima wake wonse pa nkhumba. Ankayenda m'zigayo kusaka madeya, ankatola masamba a kholowa ndi makoko a nthochi pamsika wa Thuchila anthu akamaweruka. Ndi zinyama zimenezo anaphunzitsa ana, mpaka Pilato anapita ku Joni, Millie n'kukwatiwa ku Chonde. Anyamata okazinga nyama pa chiwaya ku Nkando ankamudziwa bwino, chifukwa nkhumba ya kwa amake Pilato sinkanunkha khola. Ankazisamala ngati ana. M'mawa uliwonse ankatsuka simenti ija ndi madzi ambiri, kukwecha ndi tsache mpaka iwale.

Madziwo ankatuluka pa bowo la kuseri kwa khola n'kulowa m'kangalande kotsetsereka. Nkhumba zili ziwiri kapena zitatu, nthaka inkamwa onse asanafike patali. Koma khola linakula, zipinda zinawonjezeka, ndipo kangalande kaja kanatalika pang'onopang'ono, kudutsa m'mbali mwa munda wa Eneles, mpaka kanakagwera mu Namilowe, kamtsinje komwe amayi a m'mudzimo ankachapako ndi kuthirira madimba awo.

Chaka china m'mwezi wa Okutobala dzuwa linakwiya. Namilowe anaphwa n'kutsala kamzere chabe, mjigo wa pasukulu unawonongeka, ndipo anthu ena anayamba kutunga kumtsinje. Leah, kamdzukulu ka Eneles, kanatsegula m'mimba mpaka maso analowa m'kati. Anathamangira nako kuchipatala pa kabaza, ndipo kanapulumuka ndi madiripi.

Tsiku lomwe Leah anatuluka m'chipatala, Eneles anakweranso chitunda chija. Ulendo uno sanabwere yekha. Kumbuyo kwake kunali amayi a m'mudzi, komanso mayi wa zaumoyo akukankha njinga yake. Eneles anali atasenza ndowa. Anaitula pakhonde la Nilza mwamphamvu mpaka madzi akuda bii anathovokera pansi. Fungo lake linabweza anthu m'mbuyo.

"Imwani!" anakuwa Eneles. "Ndatunga mu Namilowe. Imwani, poti ife mwatiyesa nkhumba zanu!"

"Mtsinje uja amasambamo ndi anthu angati?" anayankha Nilza, manja ali m'chiuno. "Matewera amachapira kuti? Zimbudzi zanu zomwe zili m'mphepete mwa khwawa zija, nazonso ndi za nkhumba zanga?"

Mayi wa zaumoyo anakweza dzanja. Anali munthu wosakonda phokoso.

"Mayi Namakhwa, ine sindinganene kuti mwana uja anadwala chifukwa cha inu nokha. Koma ngalande yanu ndaitsata ndi mapazi anga, ndipo ndaona pomwe yathera. Mvula yoyamba isanagwe, madzi a m'khola asamafikenso kumtsinje. Zikakanika, khola titseka."

"Atseke ndithu," anatero wina m'gulumo. "Akawetere kwawo."

Nilza anayang'ana kumene kunachokera mawuwo mpaka mwini wake anagwetsa nkhope.

"Mumve nonse, kuti mawa musadzati sindinanene. Nkhumba zanga sizichoka pano. Inenso sindichoka pano. Amene akufuna malo ano adikire ndikagone kumanda, ndipo ndikuuzeni, sindikufulumira."

Anthu anabalalika akung'ung'udza. Koma m'mawa mwake, anthu asanayambe kutuluka m'nyumba, Nilza anatsata yekha ngalande ija. Anali asanaitsatepo mpaka kumapeto. Pomwe inkagwera mumtsinje panali ndere zobiriwira zochindikala ngati bulangete, ntchentche zili ng'waa, ndipo miyala yomwe amayi ankachapirapo kale inali yoterera ndi zinthu zakuda. Kumtunda kwa malowo madzi anali oonekera mpaka pansi. Kumunsi kwake ayi. Anaima pamenepo nthawi yaitali, mlomo atauluma. Sanapite kukapepesa kwa wina aliyense. Anabwerera kunyumba n'kutenga khasu.

Anakumba dzenje lalikulu kuseri kwa khola, n'kutseka ngalande. Ankaganiza kuti madzi akakhala malo amodzi, zonyansa zidzatsika zokha monga amachitira madzi a mvula mumtsuko. Sizinatero. Zolemera zinatsikadi, koma madziwo anakhalabe akuda, osaonetsa ngakhale chala ukachiviika. Dzenje linadzaza, linayamba kuchita thovu padzuwa, ndipo fungo lake linkafika mpaka kumsewu. Anayesa kuleka kutsuka khola. Nkhumba zinayamba kuchita zilonda m'miyendo, zina kukana kudya. Mitambo nayo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa phiri masana aliwonse.

Ndiye anavala kapulana yake yabwino n'kupita ku Thuchila kukaonana ndi a Bonface, alangizi a ziweto. Anawapeza akukonza njinga yamoto yomwe inkawonongeka kawirikawiri kuposa kuyenda. Anawafotokozera zonse, osabisa kanthu.

"Alangizi, pali chinthu chomwe ndinachiona ndili mwana," anatero pomaliza. "Kumsasa kuja madzi ankabwera ofiira ngati katondo. Anthu a mabungwe ankawathira m'mathanki, n'kuwazamo ufa wina woyera, n'kuvundula ndi mtengo. Ife ana tinkakwera pamwamba kusuzumira. Litsiro linkagwirana timibulu ngati mkaka ukamasanduka chambiko, kenaka n'kutsika pansi. Pamwamba pankatsala madzi oti ungadzionerepo nkhope. Ufa umenewo dzina lake ndi chiyani?"

A Bonface anapukuta manja pa chiguduli.

"Umenewo amautcha alamu."

Nilza anaseka koyamba pa masabata ambiri, mpaka anagwira chipupa.

"Alamu? Ndiye kuti pali alamu ena oyeretsa madzi! Anga aja amangowavundula."

"Koma musaseke kwambiri, mayi," anatero a Bonface akumwetulira. "Umenewo amakhala nawo ndi a zamadzi m'tauni, kuno simungaupeze mwachisawawa. Komabe pa maphunziro ena anatiuza kuti laimu wopaka nyumba uja amagwira ntchito yofanana nayo, ndipo dothi lina la mtapo limathandizira kukoka litsiro. Ndikuuzeni zoona, ine ndinangozimva. Sindinaziyesepo ndi manja anga."

"Manja ndili nawo ine. Inu mubwere ndi mutuwo."

Anabweradi Loweruka lotsatira. Chinthu choyamba chomwe ananena atayang'ana khola chinamuwawa Nilza.

"Mukutsuka ndowe ndi madzi. Muziyamba mwakokolola ndi fosholo, muziunjika padera kuti ziwole. Madzi azingotsuka zotsalira. Theka la vuto lanu mukulipanga nokha ndi tsache."

"Zaka zonsezi ndatsuka chonchi," anatero Nilza.

"Eya. N'chifukwa chake ndili pano."

Mawa lake Nilza anabwereka fosholo.

Za laimu anayamba kuyesa m'ndowa. Koma Nilza sanali munthu wodikira. A Bonface atangochoka, anati ngati chikho chimodzi chikusintha madzi a m'ndowa, thumba lonse lisintha dzenje. Anakhuthuliramo laimu yense, analowa m'mphepete mwa dzenje n'kuvundula ndi mtengo, manja ali m'madzi mpaka m'zigongono. Pofika madzulo madzi a pamwamba anayeradi. Anasangalala, anatunga m'keni n'kuthirira mpiru wake wa kuseri kwa nyumba. M'mawa mwake mpiru unali utapsa ngati wadutsa moto. Achule omwe ankakhala m'mphepete mwa dzenje anali atayandama, mimba zili m'mwamba. Khungu la m'manja mwake linayamba kusupuka, kuwawa kwake ngati waviika m'tsabola.

Nkhani inathamanga m'mudzi. Ena ankati mayi wa kutsidya uja tsopano akuthira poizoni m'madzi. Ena ankati si poizoni wamba, ndi zitsamba za kwawo, akufuna amalize mbumba yonse kuti malo atsale ake. Lamulungu ku tchalitchi, pabenchi yomwe anakhala Nilza panatsala mpata mbali zonse ziwiri. Potuluka anaima pakhomo, anakweza manja ake omangidwa nsanza kuti aliyense awaone.

"Mfiti yake iti yoyamba kudziwotcha yokha? Ndi laimu uyu, yemweyo mumapaka nyumba zanu pa Khirisimasi. Ndalakwitsa muyeso, basi. Ndilakwitsanso mawa, ndi mkuja, mpaka ndidzapeze. Ofuna kuonerera abwere, mpando ndiwapatsa."

Palibe amene anabwera. A Bonface okha ndiwo anafika, anayang'ana manja aja n'kupukusa mutu.

"Mayi, mankhwala a nkhumba mumamwetsa botolo lonse tsiku limodzi?"

"Musandinyoze, alangizi, ndanyozedwa kale mokwanira. Tiyeni ku dothi lija."

Dothi la mtapo anakalipempha kwa amayi oumba mbiya kudambo la kutsidya kwa msewu. Linali lotuwa, lomata ngati ulimbo. Analiyanika pa mkeka, analisinja mumtondo, analisefa ngati ufa wa phala la mwana. Manja akadali ndi nsanza, anandandalika ndowa pakhonde, iliyonse ndi madzi a m'khola. Umu dothi lokha, umu laimu pang'ono, umu zonse ziwiri. Ndowa zambiri zinangokhala matope. Zina zinkayera pang'ono kenaka n'kudanso. Anapeza kuti akathira ufa wa dothi wouma umangoyandama m'mibulu, koma akayamba waukandira m'madzi ngati phala lamadzimadzi umalowerera bwino. A Bonface ndiwo anazindikira za kavundulidwe, kuti poyamba pamafunika mphamvu, kenaka pang'onopang'ono ngati wotakasa thobwa, kenaka kuchotsa mtengo n'kusiya osagwedeza.

Masana ena Nilza anathira phala la dothi, anavundula, anawazamo laimu wongokwana pansonga za zala, anatakasa mofatsa n'kukhala pansi. Posakhalitsa anaona timibulu tikubadwa m'madzimo, tikusakana, tikugwirana, kenaka tikutsika mwakachetechete. Pamwamba panayamba kuoneka kamzere ka madzi otuwira, kakukula kutsikira pansi. Anagwada n'kuyang'anitsitsa. Anakumbukira thanki ya kumsasa, ndi mayi ake akumukalipira kuti atsike asanagweremo. Misozi inatsika osaiitana. Anaipukuta msanga ndi nsanza ya m'manja, kuopa kuti wina angadutse n'kuganiza kuti wagonja.

Kuti adziwe ngati madziwo sakuwotcha, a Bonface anabweretsa timapepala tosintha mtundu tikaviikidwa. Timapepalato titatha, Nilza anakatola mbululu kudambo n'kumaziika m'beseni la madzi oyeretsedwawo. Zikagona n'kudzuka zikusambira, ankadziwa kuti muyeso uli bwino.

Kenaka anakumba maenje ena awiri kumunsi kwa loyamba lija. M'dzenje loyamba madzi a m'khola ankafikira, zolemera n'kutsika. M'lachiwiri ndimo ankathira dothi ndi laimu. Lachitatu analiyala miyala ndi mchenga kuti madzi a pamwamba azidutsamo. Anasema mthiko wautali kuposa munthu kuchokera ku mtengo wa bulugama, ndipo m'mawa uliwonse ankaima pa dzenje lapakati akuvundula. Odutsa m'njira ankaseka.

"Amake Pilato, phala limenelo adye ndani?"

"Likapsa ndikuitanani," ankayankha osatembenuka.

Mvula yoyamba isanagwe, mayi wa zaumoyo anabweranso, Eneles ali pambuyo pake. Nilza anatunga madzi a m'dzenje lachitatu m'botolo loonekera n'kuliimika padzuwa. Anali otuwira pang'ono ngati madzi otsukira mpunga kachiwiri, opanda fungo lomwe anthu ankalidziwa lija. Mtima wake unali m'mwamba. Anali atakonza kale mawu oti amuuze mlamu wake.

Mayi wa zaumoyo analitembenuza botolo lija, analinunkhiza, anayendera maenje onse atatu.

"Ntchito mwagwira, mayi Namakhwa, sindinaonepo zotere m'mudzi uno. Koma madzi oyera m'maso si oyera m'mimba. Tizilombo toyambitsa matenda sitioneka. Awa asalowe mumtsinje."

"Mukuti chiyani?" anafunsa Nilza. "Ndasupuka manja, ndathyoka msana, ndiye mukuti asalowe? Nanga ndiwamwe ine?"

"Musawamwe. Apatseni mbewu zomwe sizidyedwa zosaphika, kapena zomwe zipatso zake zili m'mwamba. Nthaka imalize ntchito yomwe mwayambayi. Khola sinditseka, koma ngalande yopita ku Namilowe ndisaionenso."

Eneles anaseka chapansipansi. Nilza anamva ngati wamenyedwa khofi pagulu. Tsiku lonselo sanalankhule ndi munthu, ngakhale nkhumba sanazitchule maina pozipatsa madeya monga ankachitira. Koma kutacha anakwirira ngalande yakale ija ndi miyala, n'kuyamba kukumba timigula topingasa pachitunda chake. Anabzalamo nthochi, nsenjere ndi nzimbe. Nsenga zakuda zomwe zinkatsalira pansi pa maenje ankazivuula, kuziyanika, n'kuzisakaniza ndi ndowe zowola zija. Pamiyala paja panayamba kubiriwira.

Zikanakhala kuti nkhani inathera pamenepo bwenzi zili bwino, koma madzi saiwala khwawa. Mu Januwale wa chaka china cha madzi osefukira, mvula inagwa masiku otsatizana osapuma. Madzi ochokera kumtunda anadzaza maenje onse atatu, ndipo khoma la dothi la dzenje lapakati linaphulika. Matope akuda anatsetsereka chitunda chonse, anagwetsa nthochi zina, anakwirira chimanga cha Eneles, n'kukaima pakhonde la nyumba yake penipeni.

Mvula itangodukiza, Nilza anatsika ndi khasu ndi beseni. Anapeza Eneles ataima pakhomo, mapazi ali m'matope, anthu atazungulira.

"Mwaona?" anatero Eneles, osakuwa n'komwe. "Mwaona zomwe ndinkanena?"

Nilza anayamba kupala matopewo. Anawerama, anadzaza beseni, anasenza, anakwera chitunda, anakhuthula, anatsikanso. Anthu anamunena mawu onse omwe anali nawo. Wina anati apite ku polisi. Wina anati Mulungu wayankha. Iye ankangodzaza beseni. Anthu atatopa anabalalika, poti aliyense anali ndi khoma lake lakugwa kunyumba. Anagwira ntchito imeneyo mpaka dzuwa kulowa, mawa lakenso, ndi mkuja wake, khosi litauma ngati mtengo.

Tsiku lomwe ankapala matope omaliza pakhonde, Eneles anatuluka n'kukhala pa mpando wa ndalema.

"Alamu, mukuganiza kuti ndimakudani chifukwa cha lilime lanulo?" anafunsa. "Taonani uko." Analoza kumunsi komwe kunali tinyumba tothinana ngati mano. "Ana anga aakazi onse ali pa kamunda kamodzi aka. Amuna awo abwera, ana akubadwa. Uku tiyi wa esiteti, uku msewu, uku mtsinje. Leah akadzakula adzamanga pati? Pamutu panga? Pamtunda paja ndi pomwe ndinkati padzakhala pa adzukulu anga."

Nilza anatula beseni pansi. Aka kanali koyamba kuti mlamu wake amulankhule ngati munthu.

"Ndamva, alamu. Zoonadi malo achepa, sindikutsutsa. Koma inu mukudandaula komwe adzamange adzukulu. Ine mukandichotsa paja, ndilibe ngakhale poti ndiimike phazi limodzi. Ndinathawapo kamodzi ndili mwana, chifukwa kunali mfuti. Kachiwiri ayi. Chimanga chanu chomwe chawonongekachi ndidzabweza pokolola. Khoma lija ndimanga lina loti silidzaphulikanso. Koma kuchoka, musadikire."

Eneles anayang'ana kumbali.

"Ndinu ouma mutu ngati nkhumba zanuzo."

"N'chifukwa chake timamvana."

Eneles sanaseke, koma sanatukwanenso. Analowa m'nyumba.

Chilimwe chitafika Nilza anaumba njerwa, anaziwotcha yekha, ndipo mkamwini wake wa ku Chonde anabwera kudzamanga makoma a maenje aja. Kumtunda kwake anakumba mgula waukulu wopatutsa madzi a mvula kuti asamalowemo, ndipo pamwamba pa maenjewo anaikapo denga la udzu. Chimanga cha Eneles anabwezadi, anakachitula pakhomo pake osanena zambiri. Ndere za mu Namilowe zinatha, amayi anabwerera pa miyala yawo yochapira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwera chitunda kudzathokoza, ndipo Nilza sanayembekezere zimenezo. A Bonface okha nthawi zina ankabwera ndi alimi a nkhumba ochokera ku Nkando ndi midzi ina kudzaona. Nilza ankawaonetsa zonse, kuyambira zipsera za m'manja mwake.

"Yambani mwaona izi," ankatero. "Kuti musadzathire thumba lonse ngati chitsiru china chomwe ndikuchidziwa."

Patadutsa zaka zingapo, chigodola cha nkhumba chinalowa m'dera lonselo. Chinayambira kumsika, chinayenda khola ndi khola, ndipo cha kwa Nilza sichinalambalale. Nkhumba zinayamba kufiira makutu, kugona osadzuka. Yoyamba kufa inali yaikazi yaikulu yomwe inali ndi bere. Pasanathe sabata ziwiri khola lonse linali zii. Anyamata a chiwaya anabwera mozemba kudzapempha kuti awagulitse nyama ya zakufazo motchipa. Nilza anawathamangitsa ndi mthiko uja. Anakumba dzenje lakuya, anaziponyamo zonse, anawaza laimu n'kukwirira. Atamaliza anakhala pamwamba pa dothilo, miyendo atatambasula, n'kulira mokweza ngati pamaliro, osasamala kuti akumva ndani.

M'mudzi anati tsopano zatha. Millie anabwera kuchokera ku Chonde kudzawatenga mayi ake.

"Amayi, mwakula. Tiyeni mukakhale ndi ife, mukapume. Pano mwatsala ndi chiyani?"

"Ndatsala ine," anayankha Nilza. "Pita ukasamale ana ako."

A Bonface anamuuza kuti khola likhale lopanda chiweto kwa miyezi ingapo kuti matenda atheretu. Anamvera. Analitsuka, analipaka laimu mpaka linayera mbee, ndipo ankadya za nthochi ndi nzimbe zake zomwe ankakagulitsa pamsewu. Anthu odutsa ankasuzumira kuona ngati malata a khola ayamba kuchotsedwa. Malata anali pomwepo.

Alangizi atanena kuti tsopano kuli bwino, Nilza anadzuka m'mamawa tsiku la msika n'kukwera minibasi. Anakafika kwa mlimi wina kupitirira Nkando amene khola lake linapulumuka. Pobwerera anatsikira pa Thuchila n'kukwera kabaza, dengu lalikulu lili pamiyendo, m'kati mwake muli tiana ta nkhumba tiwiri tolira ngati tikuphedwa. Wakabaza anafuna kudzera njira yachidule ya kuseri kwa sukulu.

"Ayi, achimwene," anatero Nilza. "Dzerani pakati pa mudzi. Ndipo musathamange."

Anadutsa pachigayo, pa mjigo, pa tchalitchi, tinkhumba tikulira njira yonse. Nilza ankapereka moni kwa aliyense, kumutchula dzina, kufunsa za ana ndi za odwala. Atafika pa nyumba ya Eneles anapeza mwini wake akusola nandolo pakhonde.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anafuula.

Eneles anayang'ana dengu, anayang'ana mlamu wake, anapukusa mutu.

"Taswera. Kaya inu ndi alendo anuwo?"

"Atopa ndi ulendo. Ndikawapatse madzi."

Wakabaza anatsika n'kuyamba kukankha njinga pachitunda, Nilza akuyenda pambali, dzanja limodzi lili pa dengu.